Chembe: mudzi wopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri

Ukatchula Cape Maclear, ambiri amaganiza za mchenga, malo ogona alendo ndi azungu oyandama pamadzi atavala magalasi oonera nsomba. Komatu malo ogona alendowo ndi mzere umodzi chabe wa m'mbali mwa madzi. Kuseri kwake kuli mudzi wa Chembe, wokhala ndi mafumu ake, manda ake, sukulu, misika, ndi anthu ochuluka kuposa amene amakhala pa boma la Chiradzulu kapena la Neno. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa za mudziwu ndi boma lake la Mangochi.

Kodi Chembe ali pati kwenikweni?

Nyanja ya Malawi ikafika kumwera imagawika pawiri ngati mphanda ya legeni. Nthambi ya kum'mawa imatsikira ku Mangochi boma, kumene mtsinje wa Shire umatulukira. Nthambi ya kumadzulo ndi yaifupi, ndipo imathera cha ku Malembo, moyang'anana ndi zigwa za ku Dedza. Pakati pa nthambi ziwirizi pali mtunda wamapiri wolowa m'nyanja, dera la Mfumu Yaikulu Nankumba. Chembe ali kunsonga kwenikweni kwa mtundawo.

Wochokera ku Mangochi boma amatsata msewu wa ku Monkey Bay, koma asanalowe m'tauniyo amakhotera kumanzere n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 m'kati mwa mapiri. Ulendo wonse kuchokera kuboma ndi wa makilomita pafupifupi 80. Kamsewu komalizako n'kokhotakhota, kodutsa m'nkhalango momwe anyani amakhala pamseu osatekeseka ndi galimoto. M'njira momwemo muli Mwalawamphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yakuya yopingasana, lomwe boma linaliika m'gulu la malo osungidwa. Ukatsika phiri lomaliza, mwadzidzidzi nkhalango imatha, ndipo umangoona chigwa, malata ndi madzi.

Njira ya pamtunda ndi imodzi yokhayo. Ina ndi ya pabwato.

Nanga dzina lenileni ndi liti, Chembe kapena Cape Maclear?

Onse awiri ndi enieni, kungoti amatchula zinthu zosiyana. Chembe ndi mudzi komanso ufumu wake. Cape Maclear ndi dzina lomwe David Livingstone anapatsa nsonga ya mtundawo polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town.

Dzina lachizungulo linatchuka chifukwa cha mishoni. Mu Okutobala 1875 gulu la a Free Church of Scotland, lotsogozedwa ndi Edward Young ndipo muli Dr Robert Laws, linafika pa sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala n'kumanga pamenepa mishoni yoyamba ya Livingstonia. Chilolezo anakachitenga kwa Mfumu Mponda, amene nthawi imeneyo ndiye anali ndi mphamvu pa khomo la Shire. Anasankha malowa chifukwa cha doko lake labata, koma malungo sanawalekerere. Atataya anzawo angapo, omwe manda awo alipobe mpaka lero m'munsi mwa phiri, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo kenaka ku Khondowe mu 1894. Munthu woyamba kubatizidwa pa mishoniyi, Albert Namalambe, anabatizidwira pa Cape Maclear pomwepa mu 1881.

Malowa anadzatchukanso kwa kanthawi kochepa cha m'ma 1949 ndi 1950, pamene ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima pano pa ulendo wa pakati pa Britain ndi South Africa.

Malo ake ndi otani?

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya mudziwu. Chembe wakhala pa kachigwa kathyathyathya ka mchenga. Kutsogolo kuli nyanja. Kumbuyo ndi m'mbali muli mapiri a miyala ikuluikulu, otsetsereka moti khasu silingagwirepo ntchito ngakhale lamulo likanalola. Mudzi unatambalala motsata gombe kwa makilomita angapo, koma ukalunjika kumtunda, suyenda nthawi yaitali usanagunde minda, ndipo ukadutsa minda wagunda phiri.

Gombe linayang'ana kumpoto chakumadzulo. N'chifukwa chake dzuwa kuno limalowera pamadzi, chinthu chimene anthu a ku Salima kapena ku Nkhata Bay sachiona, popeza kwawo limatulukira panyanja. Kayang'anidwe kameneka kali ndi phindu loposa kukongola. Mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa imene imawinduka kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, umatchingidwa ndi mapiri a kumbuyo. Chilumba chachitali cha Domwe chimatchinga mbali ina, ndipo Thumbi ali pafupi kutsogolo. Mumbo ali patali pang'ono. Choncho pamene madoko ena akulimbana ndi mafunde, pa Chembe bwato limatha kukocheza bwinobwino. Mphepo imene imavuta kuno ndi mpoto, ya nyengo ya mvula, chifukwa iyo imabwera molunjika pagombe.

Dothi ndi losabereka kwenikweni, mvula ndi yochepa poyerekeza ndi kumapiri, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumatentha koti mchenga supondeka masana wopanda nsapato. Timitsinje totsika m'mapiri timayenda dzinja lokha. Mitengo imene imaoneka kwambiri m'mudzi ndi milambe, ina yakalekale, yomwe pansi pake pamakhala pokumanirana anthu.

Zoti mudziwu uli m'kati mwa paki n'zoona?

N'zoona ndithu. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, kuphatikiza mapiri a kunsonga kwa Nankumba, zilumba monga Domwe, Thumbi, Mumbo, Maleri ndi Boadzulu, komanso madzi ofika mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a pakiyo. Chomwe ankafuna kuteteza makamaka ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, tomwe mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse kunja kwa nyanjayi.

Pokhazikitsa pakiyo anthu sanawasamutse. Midzi imene inalipo kale, monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo, inasiyidwa pomwe inali, koma malire anajambulidwa mozungulira. Kunena chilungamo, kusawachotsa anthuwo chinali chinthu chanzeru, poona mmene kusamutsa anthu kunawawira m'malo ena otetezedwa. Koma tanthauzo lake n'lakuti malo a mudzi anaima pomwe anali mu 1980, pamene anthu sanaime kubadwa.

Zotsatira zake zimaoneka m'mawa uliwonse. Amayi amakwera phiri m'magulu kukatola nkhuni, ndipo lamulo limawalola zouma zokha, atalipira kachiphaso. Amatsika dzuwa litakwera, mtolo wautali kuposa msinkhu wawo uli pamutu, akupondaponda mosamala pamiyala. Nkhuni zapafupi zinatha kalekale, choncho chaka ndi chaka ulendowo ukunka nutalika. Ndipo si za kukhitchini zokha: kufutsa usipa ndi kuwamba nsomba kumadya nkhuni zambiri kuposa mphika wa nsima. Anyani nawo sadziwa malire. Amatsika kudzathyola chimanga, ndipo mwini munda saloledwa kuwapha.

Muli anthu angati m'mudzimu?

Ndi oposa 10,000, ndipo Chembe ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu ya asodzi m'mbali mwa nyanja yonseyi. Mudzi wotere sungayendetsedwe ndi nyakwawa imodzi, n'chifukwa chake unagawidwa m'zigawo zokhala ndi mafumu ang'onoang'ono pansi pa gulupu.

Chiwerengerocho sichikhala chimodzimodzi chaka chonse. Usipa ukagwa, kumabwera alovi ochokera kumadoko ena, amalonda a nsomba ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Ntcheu, ogulitsa zakudya ndi ena otsata ndalama. Amachita lendi tizipinda, ena amagona pafupi ndi mathandala awo. Nsomba zikasowa, mabwato amasamukira kwina ndipo zipinda zimatsala zopanda anthu. Ngakhale m'mwezi umodzi momwemo muli kusintha: mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali, ndiye ambiri amapezerapo mpata wokaona kwawo. Amene angawerenge anthu a pa Chembe mdima uli bii, ndi amene angawerenge mwezi uli mbee, sangapeze nambala yofanana.

Chinakoka anthu onsewa n'chiyani, poti malo olima ndi ochepa chonchi?

Nyanja. Kumidzi yambiri ya m'Malawi kuchuluka kwa anthu kumatsata nthaka: pomwe pali dothi labwino ndi pomwe pamadzaza. Pa Chembe munda weniweni ndi madzi, ndipo madziwo alibe malire a mbumba. Mnyamata wopanda ngakhale ndime imodzi akhoza kufika lero, mawa n'kukwera boti ngati mlovi.

Kuti mumvetse kuchuluka kwa manja amene usodzi umafuna, taonani mmene chilimira chimayendera. Madzulo mabwato amanyamuka. Munthu mmodzi, siginala, amakhala m'bwato laling'ono lokhala ndi nyali zowala kwambiri. Kale zinali za parafini, masiku ano zambiri ndi mababu oyendera batire. Usipa ukasonkhana pansi pa kuwalako, iye amapereka chizindikiro, ndipo anzake amaponya ukonde mozungulira n'kuyamba kukoka. Usodzi wa nyali umenewu ndi umene amautcha kauni. Woima pagombe usiku amaona mzere wa nyali kutali pamadzi, n'kumayesa kuli tauni kutsidya. Chilimira chimodzi chimafuna anthu ngati khumi.

Kukacha ntchito imasamukira kumtunda. Amayi amadikira ndi mabeseni, kugula pa chigoba, ndipo mtengo umasintha boti lililonse likamakocheza. Wina amayanika pathandala, wina amafutsa kaye m'madzi otentha, wina amakazinga. Pali osoka maukonde, okonza injini, osema mabwato, onyamula madengu, oyendetsa njinga zamoto. Msodzi mmodzi wa pamadzi amadyetsa anthu angapo amene sanagwirepo nkhafi.

Alendo odzaona malo anawonjezera ntchito zina: kuphika, kuchapa, kulondera, kuperekeza anthu ku Thumbi kukaponyera nkhwazi nsomba, kusema ziboliboli. Koma ntchito zimenezi n'zanyengo, ndipo nthawi ya Covid-19 inaonetsa kuti zikhoza kuzima tsiku limodzi. Usipa ndiwo msana wa mudzi.

Boma la Mangochi lonse ndi lotani? Kodi lonse ndi la m'mbali mwa nyanja?

Ayi, ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Mangochi ndi boma lalikulu, la masikweya kilomita oposa 6,000. Limachita malire ndi Machinga, Balaka, Ntcheu, Dedza ndi Salima, ndipo kum'mawa konse kuli dziko la Mozambique, komwe anthu amalowera pa chipata cha Chiponde.

Pakati pa bomali pamadutsa chigwa chachikulu momwe mwagona nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Ukangotuluka umadutsa pa tauni ya Mangochi, pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukalowa m'Malombe, nyanja yosaya, kenaka n'kupitirira ku Liwonde.

Ukawoloka mlatho n'kukwera zitunda za kum'mawa umafika ku Namwera, dera lokwera, lozizirirapo, la mvula yambiri, komwe kuli minda ya chimanga ndi maesiteti a fodya. Munthu wa kumeneko nyanja amangoionera patali. Kumpoto chakum'mawa kuli Makanjira, kachigawo kopanikizika pakati pa nyanja ndi Mozambique, komwe kwa zaka zambiri anthu akhala akudandaula za msewu ndi milatho nthawi ya dzinja. Kumadzulo kuli Chilipa ndi nkhalango ya Phirilongwe, dera louma la mapiri. Mafumu aakulu odziwika ndi monga Mponda, Makanjira, Jalasi, Chimwala, Chowe, Katuli ndi Nankumba.

Tauni ya Mangochi inayamba mu 1891 ngati linga la atsamunda lotchedwa Fort Johnston, lomangidwa pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo ndi kugonjetsa mafumu a Chiyao. Dzina la Mangochi inalitenga dziko litalandira kale ufulu.

Nanga boma lonseli lili ndi anthu angati?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 1,148,611. Mwa maboma onse, osawerengera anthu a m'mizinda ikuluikulu, ndi Lilongwe yekha amene anaposa pamenepa. Dziko lonse linali ndi anthu 17,563,749, kutanthauza kuti mwa Amalawi 15 kapena 16 alionse, mmodzi ankakhala ku Mangochi.

Chodabwitsa si nambalayo ayi, koma liwiro lake. Mu 1998 bomali linali ndi anthu pafupifupi 610,000. Mu 2008 anali pafupifupi 800,000. Ndiye kuti m'zaka 20 zokha anthu anatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo m'zaka khumi zomalizazo anawonjezekera ndi pafupifupi 350,000. Kukula kumeneku kunaposa kwa dziko lonse, komwe kunali 2.9 peresenti pachaka.

Pafupifupi onsewa ndi anthu a kumudzi. Tauni ya Mangochi inali ndi anthu ongopitirira 50,000, ndipo Monkey Bay pafupifupi 15,000. Mukaphatikiza matauni awiriwa simufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu a m'bomali. Ena onse ali m'midzi, ndipo midzi yothithikana kwambiri ndi ya m'mbali mwa madzi ndi ya ku Namwera.

Zifukwa zake n'zodziwika: atsikana ambiri amakwatiwa ndi kuyamba kubereka akadali aang'ono, sukulu amaisiyira panjira, ndipo ana amene kale ankamwalira ali akhanda tsopano akupulumuka chifukwa cha katemera ndi masikito. Chomalizachi ndi chinthu chokondweretsa, tisachiiwale tikamadandaula za kuchulukana. Palinso obwera, otsata nsomba ndi malonda. Otuluka nawo alipo ambiri: Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anyamata ake amapita kwambiri ku Joni, ndipo m'midzi yambiri nyumba ya njerwa zootcha ndi malata atsopano imakuuza yokha kuti pakhomopo pali wina ali ku South Africa. Koma opitawo amasiya mabanja kumudzi, ndipo ambiri amabwerera.

Ndiye kuti anthu a pa Chembe ndi Ayao, monga Mangochi amadziwikira?

M'boma lonse, anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse ndi Ayao, ndipo Asilamu ndi ochuluka chimodzimodzi. Ayao anafika m'derali m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique, napeza Anyanja amene anali kale m'mbali mwa madzi.

Koma dera la Nankumba n'losiyana. Kuno ambiri ndi Achewa kapena kuti Anyanja, chilankhulo cha pamudzi ndi Chichewa, ndipo matchalitchi ndi ambiri. Pamwamba pa eni nthakawo panabwera asodzi a kumpoto, Atonga ndi Atumbuka, amene anatsika ndi zilimira zawo n'kukhazikika makamaka ku Msaka ndi ku Mvunguti, ena pa Chembe pomwe. Pagombe m'mawa umamva zilankhulo zitatu kapena zinayi pa boti limodzi.

Kusakanikiranaku kumakhudza nkhani ya malo. Achewa ndi Ayao amatsata kuchikazi: munda ndi wa mbumba, mwamuna amakakhala chikamwini. Obwera ambiri a kumpoto amatsata kuchimuna, ndipo poti alibe munda wa makolo kuno, chuma chawo chili m'boti, injini ndi ukonde. N'chifukwa chake si zachilendo kupeza kuti mwini nthaka ndi wosauka kuposa mlendo amene anam'patsa pomanga.

Kukhala mothithikana chonchi m'mbali mwa madzi kuli ndi mavuto anji?

Loyamba ndi likodzo. Nyanja ndiyo bafa, pochapira, potsukira mbale ndi posewerera ana. Tizilombo ta likodzo timaswana mu nkhono za m'madzi, ndipo kuyambira cha m'ma 1980 matendawa anakula kwambiri pa Chembe. Akatswiri amene anafufuza pamalopa, monga Jay Stauffer, anaona kuti nkhono zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokedwa m'madzi osaya. Taonani mmene zinthu zimalumikizirana: ukonde wa bambo ukutha nsomba, mwana wake yemwe n'kumakodza magazi.

Kolera naye sachedwa kufala pamalo pomwe zimbudzi zimakumbidwa mumchenga ndipo zimagumuka mvula ikagwa. Pa mliri wa 2022 ndi 2023, Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa koposa.

Kwa nthawi yaitali wodwala aliyense ankayenera kudutsa mapiri aja kupita ku Monkey Bay. Mu 2004 panatsegulidwa chipatala cha Billy Riordan Memorial Clinic, chomwe anayambitsa Mags Riordan wa ku Ireland pokumbukira mwana wake amene anamira m'nyanja pamalopa mu 1999.

Vuto lina ndi nyanja yeniyeniyo, chifukwa siikhala pamodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanja. Mu 2024 anakwera kwambiri moti nyumba ndi malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja ku Mangochi analowa madzi. Kwa mudzi wokhala ndi malo otambalala, madzi akabwera anthu amangosunthira kumtunda. Pa Chembe kumtundako kuli kale nyumba za ena.

Kodi nyanja ipitiriza kudyetsa anthu onsewa?

Chenjezo lili pafupi, m'boma lomweli. Nyanja ya Malombe inali nkhokwe ya chambo, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chinali chitatha ndi makoka, ndipo asodzi anatsala ndi kambuzi. Kunthambi ya kum'mawa kwa nyanja ya Malawi nakonso chambo chinachepa kwambiri. Lero nsomba imene ikugwira dziko ndi usipa, ndipo mwayi wake ndi woti umaswana msanga ndi kukula msanga. Koma umasinthasintha: chaka china umagwa wambiri mpaka mathandala kuchepa, chaka china alovi amabwerako ndi ngongole ya petulo yokha.

Malamulo alipo. Pali miyezi yotseka usodzi wa makoka kumapeto kwa chaka kuti chambo chiswane, pali kuletsa maukonde a masikito, pali makomiti a pagombe otchedwa ma BVC oti aziyang'anira zonsezi pamodzi ndi mafumu. Pomwe mfumu ndi komiti agwirizana, timadera tina totetezedwa tayamba kubwezeretsa nsomba. Pomwe akuluakulu a komiti ndi eni makoka omwewo, lamulo limathera pamsonkhano.

Nanga ana amene akubadwa lerowa adzamanga pati?

Ayamba kale kumanga m'minda. Mbali ya chigwa imene makolo ankalima chimanga ikudzaza nyumba pang'onopang'ono, ndipo banja limene lagawa munda wake kukhala mapuloti limayamba kudalira chimanga chogula, chobwera pa galimoto kudzera kamsewu kamodzi kaja. Malo a m'mbali mwenimweni mwa madzi, omwe kale anali poyanikira maukonde ndi pokokera mabwato, ambiri analowa m'manja mwa eni malo ogona alendo, ndipo mtengo wake mwana wa m'mudzi sangaukwanitse. Asodzi atsala ndi zigawo zawozawo za gombe, makamaka kumapeto kwa mudzi, komwe mathandala amachita kugundana.

Ena mwa achinyamata akutuluka: ku Monkey Bay, ku Lilongwe, ku Joni, kapena kumadoko ena komwe kukadali malo. Malawi amachita kalembera pakatha zaka khumi zilizonse, ndiye wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Ngati Mangochi apitirize kukula pa liwiro la pakati pa 2008 ndi 2018, kalemberayo adzapeza anthu oposa 1,600,000 m'bomali.